Kusaka Mfiti ya M'kompyuta

Kamzere kobiriwira ka pasikirini ya kompyuta kanaima pa 61 peresenti, ndipo kanali pomwepo chiyambire nthawi ya tiyi. Katswiri anakayang'ana ndi diso lofiira, kenako anatsonya.

Dzina loti Katswiri anamupatsa ndi anamwino, koma sabata imeneyi ankalitchula mopotoza milomo. Kompyuta yaikulu ya pachipatalapo, yosunga mbiri ya odwala onse, inali itaima katatu: Lolemba, Lachitatu ndi dzulo lake, Lachinayi. Ikaima, mzere wa odwala unkafika kugeti. Mayi woyang'anira chipatala sanapite m'mbali. Anati ikadzaimanso kachinayi, Katswiri alongedze.

A kampani yomwe inagulitsa kompyutayo nyimbo yawo inali imodzi. Pulogalamu yanu yofufuzira mavuto ndi yakale, ikani yatsopano, itolere zonse, mutitumizire lipoti. Kunena n'kosavuta. Ulendo woyamba intaneti inaduka. Wachiwiri pulogalamuyo inati malo achepa. Wachitatu inafuna pasiwedi yomwe Katswiri anailemba pakapepala, kapepalako n'kupita ndi tsache. Uwu unali ulendo wachinayi, m'kachipinda kopanda windo, fani ikungotakasa mpweya wotentha womwewo. Shati inali itamatirira kumsana.

Chomulimbitsa chinali chimodzi: mfiti ankaidziwa kale. Pulogalamu yakaleyo, ngakhale inali yogona, inkaonetsa kuti pali munthu amene amalowa m'kompyutamo 6:40 m'mawa, anthu asanafike. Anali atalowamo ka 170. Masiku ake pulogalamuyo sinkawatchula, zomwe ankachitamo sinkanena. Koma dzina linkaoneka bwinobwino, la kalaliki wa kukaundula. Kalalikiyo anali mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake.

Katswiri asanabwere, mlamuyo ndiye ankasamala kompyutayo kwa zaka zisanu, nzeru zongotola, wopanda pepala. Ntchito italengezedwa anafunsira onse awiri, satifiketi n'kupambana. Mlamu anamugwira chanza akumwetulira mano onse pamtunda. Katswiri kumwetulirako sanakukhulupirire ngakhale tsiku limodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pachitseko panamveka kugogoda. Mutu wa imvi zapatalipatali unasuzumira.

"Zikuthekako, alamu? Ndigwireko pena?"

"Mwagwira kale pokwanira, alamu."

"Pali kanthu ndakhala ndikufuna kukunong'onezani. Mukangopeza kampata."

"Sungani. Mukanong'oneza abwana masana ano."

Mlamu anaima pang'ono, n'kutseka chitseko mwaulemu. Ulemu umenewo ndi umene unkamunyansa kwambiri Katswiri. Munthu wodya naye mbale imodzi Lamulungu lililonse, wonyamula ana ake paphewa, n'kumamukumbira dzenje Lolemba m'mawa! Nkhaniyi kunyumba sanaitchule. Mkazi wake akanangoti ndi nsanje, achimwene sangatero. Ankafuna umboni wolembedwa, woti akauponye patebulo.

Kamzere kaja kanadzidzimuka. Kanafika pa 80, n'kubwerera pa 74 ngati kaiwala chinthu kumbuyo. Katswiri anamenya tebulo, kapu ya zolembera n'kugubuduka. Anatola zolemberazo chokwawa, akutukwana kampaniyo ndi aliyense woigwirira ntchito. Podzuka anapeza sikirini yasintha. Pulogalamu yatsopano inali italowa.

Imeneyi sinali yogona. Inasanthula paliponse, kutolera masiku, maola ndi chilichonse chomwe dzanja la munthu linakhudza. Patatha mphindi khumi inatulutsa lipoti la masamba makumi anayi ndi mabatani awiri, lina loti awerenge kaye, lina loti atumize. Kuwerenga chiyani, nkhani yodziwika kale? Pa adiresi ya kampani anawonjezerapo ya mayi woyang'anira, n'kulemba pamwamba kuti: Wotiwonongera kompyuta ali m'lipotimu, onani amene amalowa 6:40. Anadina kutumiza. Koyamba sabata yonseyo anapuma mpweya wofika m'mimba.

Sipanathe ola. Mayi woyang'anira analowa m'kachipindamo atanyamula mapepala, mlamu ali pambuyo, manja kumbuyo. Katswiri anaimirira n'kupinda manja pachifuwa. Anamva kachisoni pang'ono poganizira mkazi wake, koma wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

"Lipoti limeneli munaliwerenga, bambo?" anafunsa mayiyo.

"Zomwe zilimo ndimazidziwa kale, mayi."

Mayiyo anavala magalasi n'kutsegula tsamba lomwe analipinda pakona.

"A kampani andiimbira. Akuti sabata yanu yoyamba pantchito munayatsa batani loyesera, loti kompyuta izilemba kanthu kalikonse, ndipo simunalizimitse mpaka lero. Tsiku lililonse imadzaza ndi zinyalala mpaka kubanika." Analoza kalalikiyo ndi cholembera. "Alamu anuwa amalawira kudzazichotsa inu musanafike, miyezi isanu ndi itatu tsopano. Masiku atatu amene inaima ndi omwe ndinawatuma kunthambi ina."

Mayiyo anatambasula dzanja, kufuna makiyi a kachipindako. Mlamu anazyolika ngati kuti iyeyo ndiye wagwidwa.