Makhadi Akale a Tionenji

"Chotsa zonyansazi patebulo panga," anatero mayi Lenah, akukankha makhadi ndi nsonga ya chikhadabo. "Akununkha ngati mpando wa m'matatu, maminibasi a amphawi aja."

Azimayi anzawo a ku Runda, dera la anthu olemera, anafa nalo phwete. Tionenji, mtsikana wa pa yunivesite ku Kahawa amene ankawaombezera ndi makhadi a taroti Loweruka lililonse, anangozyolika. Makhadiwo anali othaitha ndithu, akuda ndi thukuta, koma iye ankalidziwa lililonse ndi chipsera chake chakumsana. N'chifukwa chake khadi lina lopindika pakona, la mtima wolasidwa ndi malupanga atatu, lolosera kusweka mtima, silinkawagwera mayi Lenah. Ankalizembetsa posakaniza, powamvera chisoni.

"Mayi, makhadi akale ndi amene amamudziwa munthu," anatero Tionenji.

"Umphawi basi, usaupatse dzina lina."

Mayiwo anawanyamula ndi pepala n'kuwaponya pa jiko, mbaula yootchera nyama. Kenako anatulutsa atsopano, onyezimira.

"Sakaniza awa. Uwauze anzangawa mmene amandikondera a Mtisunge, amuna anga."

Tionenji anasakaniza. Onse anali ofanana kumsana, osalala ngati galasi, opanda pogwira. Mayi Lenah anasolola limodzi okha n'kulitembenuza monyadira.

Mtima uja, ndi malupanga ake atatu.

Kuseka kunatha. Azimayi aja anayamba kuyang'ana m'makapu mwawo, pakuti aliyense ankaidziwa nyumba ya mkazi wina ku Lang'ata kumene galimoto ya a Mtisunge inkaswera.

"Bweretsa akale aja," anatero mayi Lenah.

Tionenji analoza jiko ndi mlomo.

"Ndi omwe akupsetsa nyama yanuyo, mayi."