Kaulusi ka pazenera

"Wachotsa ulusi wanga ndani?"

Fyness anangoti chilili, nsanza ili m'manja. Anali iyeyo amene anamatula kaulusi kofiira pazenera m'mawawo, poyesa kuti n'chithumwa. Chiyambireni kusamalira okalamba ku Oadby, tauni ya kutsidya kwa nyanja, anali asanamvepo a Anthony, mwini chipindacho, akukalipa chonchi.

"Pepani bambo, ndimayesa n'zamankhwala."

Mkuluyo anapukusa mutu. Anati kale ankaulutsa ndege zopanda injini, zongoyandama pamphepo. Kaulusi kotero amakamata m'mbali mwa galasi la ndegeyo. Kakadzuka kwambiri, ndiye kuti mphuno ya ndege yakwera mopitirira, mapiko atsala pang'ono kutaya mphepo, ndege n'kugwa.

"Tsiku lina ndinakachotsa popukuta galasi, ngati iweyo. Amene anaulutsa ndegeyo masana ake anali mkazi wanga. Sanabwerere."

Fyness anavundula bini ya zinyalala mpaka anakapeza, n'kukamatanso pamalo pake.

Patatha sabata, a Anthony anamwalira. Fyness akukonza chipinda chawo masana, zenera lili chitsekere, anaona kaulusi kaja kakudzuka pang'onopang'ono mpaka kuloza kudenga.

Anakolopa pansi, anayala bedi, koma galasi limenelo sanaligwirenso.