Dzina la Luwiza m'kabokosi

Mitambo inali itada bii cha ku Kachebere, koma mvula inkangowopseza.

Mu ofesi ya kalabu ya alimi, Yankho, mayi amene anakonza pulogalamu yolembera olandira mbewu, anadinanso kabokosi ka pa kompyuta. Mndandanda wa eni minda unatsika. Dzina la a Kefasi, bambo amene anabwera kudzalandira mbewu, panalibe. Panali la akazi awo, a Luwiza, amene anamwalira mu Juni.

"Bambo, ndikunena kachitatu tsopano. M'kabokosi aka salembamo, amangosankha. Munda umodzi, dzina limodzi. Ndifufute la mayi, ndiikepo lanu."

"Munda ndi wa Luwiza. Ine pamudzi paja ndine mkamwini."

"Nanga mbewu tipatse malemu? Anthu ali pamzere panjapa, ena achokera ku Kapondo wapansi!"

"Musafufute."

Yankho anagwira kumutu. "Abale inu! Ndiye mudzala chiyani chaka chino, bambo?"

A Kefasi anayang'ana dzinalo kanthawi, osaphethira. Kenaka anapinda thumba lawo lopanda kanthu, naliika kukhwapa, n'kubwerera kunyumba kukasankha mbewu m'chimanga cha m'nkhokwe.