Mpango pa Ndodo ya Mbedza

Yobe anangobwera kudzabwereka singano yosokera fodya, koma m'chigafa cha a Kalekeni anapezamo zina. Pakona, kuseri kwa masamba a fodya olendewera, panatsamira ndodo ya mbedza yatsopano. Nsungwi yake inali yowongoka bwino. Chigwiriro ndiye chinali chonyansa, chonenepa, chokhotakhota ngati chinangwa chomera pamiyala. Ndipo chinali chokulungidwa ndi nsalu yofiira ya timaluwa tachikasu.

Nsalu imeneyo Yobe ankaidziwa bwino. Unali mpango wa mkazi wake, Lefina. Anaugula yekha ku Joni, chaka chimene mwala wa mumgodi unamudula zala zitatu za dzanja lamanja, n'kumusiyira chachikulu ndi chaching'ono chakumapeto. Ku Njombwa konse kunalibe mpango wina wotero.

Mtima wake unawira. Tsopano zonse zinayamba kumveka. Masiku apitawa ankamuona Lefina akuchokera njira ya kuno, akamufunsa n'kumati amakathyola therere. Therere lanji lomera pakhomo pa mwamuna wopanda mkazi? Atamufunsa za mpango, anati wadyedwa ndi chiswe. Nanga zija zomunyengerera, zomugwira dzanja lopundukalo n'kumalifumbatitsa dongo lonyowa, ati mankhwala a ululu? Bodza lokhalokha. Mkazi akayamba kukoma mtima mopitirira muyeso, pali chimene akubisa.

Chomuwawa kwambiri chinali chakuti inali mbedza, osati chinthu china. Kale Yobe ndiye anali katswiri wa milamba pa mtsinje wa Bua. Chibwerere ku Joni, dzanja lija silinkagwira kanthu. Khasu linkapulumuka, chikho chinkagwa, ndipo lamanzere linkakana kuphunzira. Mbedza anaisiyiratu, dzanjalo n'kumangolibisa m'thumba la jekete. Mkamwini wosagwira khasu pamudzi pa eni ake salephera kunenedwa, ndipo iye ankazimva zonse. Lero ndiye nazi, mkazi wapeza wa zala khumi, wamukongoletsera ndi ndodo yomwe.

A Kalekeni analowa atasenza mtolo wa luzi. Anali munthu wofatsa, wodziwika pokonza mbedza ndi miono. Ataona kumene Yobe akuyang'ana, anatula luzi lija pang'onopang'ono.

"Nsalu iyi mwaitenga kuti?" anafunsa Yobe.

A Kalekeni anakanda kumutu. "Ndinayamba ndi khonje, a Yobe, koma khonje amakanda. Mphira wa chubu cha njinga nayenso amaterera ukangogwira mlamba. Ndiye tinaona kuti pafunika nsalu yofewa."

"Tinaona? Inu ndi yani?"

"Ndinalonjeza kuti sindinena mpaka nditamaliza."

Munthu wopanda manyazi! Akuvomera ndi pakamwa pake kuti pali pangano, ndipo akufotokoza za khonje ndi mphira ngati wafunsidwa nzeru. Yobe anakalipa mpaka fumbi la fodya linamutsamwitsa. Amayi amene ankasoka fodya m'chigafa choyandikana anasiya ntchito, n'kudzaunjikana pakhomo. Nkhani zotere sizisowa mboni.

Nthawi yomweyo anatulukira Lefina, akuyenda mofulumira ngati munthu wozolowera njirayo. M'manja mwake munali chidutswa chotsala cha mpango uja. Atawona mwamuna wake anaima, n'kuyesa kubisa nsaluyo kumbuyo. Anali atachedwa.

Chikwatirane, Yobe anali asanamutchulepo mkazi wake kuti iwe. Tsikulo anamutchula.

"Chiswe chako ndi chimenechi? Hule iwe. Ndakafera mumgodi kuti uvale, iwe n'kumang'ambira zibwenzi."

Amayi aja anagwira pakamwa. Lefina anamuyang'ana m'maso.

"Abambo, mwanditchula choncho pamaso pa abale anga?"

"Ndatero, ndipo ndibwerezanso pamaso pa ankhoswe. Mawa ndikubwerera kwathu ku Lukwa. Si paja mumati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka? Ndaterereka."

"Chabwino," anatero Lefina. "Aitaneni. Inenso ndatopa."

Anaponya kachidutswa kaja pansi, n'kudutsa pakati pa amayiwo osayang'ananso m'mbuyo. Ngakhale kupepesa, ayi. Kuuma mtima kumeneko ndi kumene kunamumaliza Yobe. Maso anachita mdima. Anatembenukira kwa a Kalekeni, amene anali akuyesa kunena kanthu, koma ndani akanawamvera? Mbava ya mkazi wa mwini siyankhula, imakwapulidwa, ndipo ikwapulidwa ndi ndodo yake yomwe. Anadumphira pakona paja, natsomphola ndodo ija, n'kuikweza m'mwamba ndi mphamvu zake zonse.

A Kalekeni sanathawe, sanatchinge n'komwe kumutu. Ankangoyang'ana m'mwamba. Amayi aja nawonso maso awo onse anali pamalo amodzi. Yobe anakweza maso kuti aone chimene akudabwa.

Ndodo inali m'dzanja lake lamanja, yogwirika zolimba. Chala chachikulu chinali chitalowa m'kampata kake pansi pa nsalu yofewa ija, chaching'ononso m'kake, ndendende mmene zinkakhalira m'dongo lonyowa lija. Munthu wa zala khumi sakanatha kuigwira ndodo imeneyo.