Masiku Asanu ndi Anayi a Mvula

Dzuwa litalowa ndinabwerera ku ofesi ya pamalo omanga, chifukwa m'mawa mwake mwini nyumba ankabwera kudzaona tchati cha kayendedwe ka ntchito. Tinali titachedwa ndi masiku asanu ndi anayi, kuyambira tsiku limene mmisiri wa njerwa anagwa pansanja n'kufera pomwepo.

Pa tchatipo chofiira ndi ngozi, chabuluu ndi mvula.

"Mupake chabuluu, mayi," kapitawo anali atandiuza masana. "Akaona chofiira atilanda ntchito, tonse tigona ndi njala."

Ndili ndi ana atatu, ine. Ndinapaka tsiku loyamba, kenako lachiwiri.

Kumwamba kwa nyumbayo kunamveka mpeni womangira ukugogoda njerwa, chonsecho antchito anali ataweruka kalekale. Nditayang'ananso tchati, pomwe ndinapaka panali patafufutidwa ndi chala cha simenti yaiwisi.

Ndinapakanso. "Chonde bambo, ndi ana anga," ndinanong'ona.

Kugogoda kunaleka. Ndinamva nsapato zikutsika masitepe pang'onopang'ono, mpaka zinaima kumbuyo kwanga.

"Mayi," anatero mofatsa, "tsiku lija kunali dzuwa. Si inu munandifunditsa nsalu yanu?"