Wochapa Ovolosi

"Magazi anu ali bwino, bambo," anatero namwino uku akuvula magolovesi. "Koma a mayiwa ayi. Mankhwala ophera tizilombo awalowa m'thupi. Chija timayeza m'magazi a anthu opopera chatsika kwambiri."

Bamboyo ankagwira ntchito yopopera mbewu. Mkazi wake anali pabenchi, khanda lili kumsana, thonje lili pamkono, zala zikunjenjemera ngati za nkhalamba.

"Komatu awa sanagwirepo mpope wopopera mankhwala," iye anatero. "Wopopera ndine. Ndimavala magolovesi, jombo, chophimba kumaso, zonse."

"Nanga ovolosi yanu amachapa ndani?"

Bamboyo anayang'ana khoma. Panali ntchentche ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo anaitsatira ndi maso mpaka pawindo. Mumtima munalibe kanthu, ngakhale mantha.

"Ndimachapa ndine," anatero mkaziyo motsitsa mawu. "Si mlandu wawo. Kungoti kumpopi n'kutali, ndiye ndikatsukuluza ovolosi, madzi omwewo ndimanyikamo matewera."

Namwino anatsegula kabati n'kutenga magolovesi atsopano.

"Tam'tsitsani mwanayo," anatero. "Bambo, mugwire kamkonoko."

Anakagwira. Kanali kofunda, ndipo konse kanakwana m'zala zake ziwiri.