Lole Inabwerera Pakhomo Pomwe Inachokera

Panali munthu wina, bambo wa ana akuluakulu, amene moyo wake wonse ankadyera lole. Ankanyamula mchenga, njerwa, katundu wa osamuka, chilichonse chokwera. Lole yakeyo inali itayenda mpaka mita ya makilomita kutopa n'kuwerenga. Inalinso ndi khalidwe lake: chitseko cha mbali ya wokwera sichinkatseguka pokhapokha uchinyamule pang'ono n'kuchigunda ndi bondo.

Chaka china injini inayamba kugogoda, utsi uli tolotolo kumbuyo. Bamboyo anapita nayo kugalaja ya mlamu wake, yemwe anali makaniko. Mlamuyo anatchera khutu, analowa pansi, n'kutuluka akupukuta manja.

"Alamu, chasisi n'chabwino, giyabokosi ilibe vuto. Yatha ndi injini. Tiiphwasule tiikonze, ikutumikiraninso zaka. Ngati mwatopa nayo igulitseni, koma wogulayo mumuuze zoona."

"Ndimuuze? Ndiye andipatsa mtengo wa zitsulo zotaya."

"Mtengo wake ndi umenewo, alamu."

Koma bamboyo anali atamva kale nzeru ina kwa anzake pamalo odikirira maganyu. Ukathira mu injini oyilo wa m'giyabokosi, wolimba ngati uchi uja, kugogoda kumaleka kwa kanthawi. Anapempha mlamu wake kuti amuchitire zimenezo.

"Ndi manja anga ano ayi. Wogulayo nayenso ali ndi ana."

Wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu la bamboyu linali lachikopa. Anafika kunyumba, anatenga sipanala, n'kuchita yekha. Mkazi wake anamupeza akuthira.

"Bambo a ana, mukufuna kuliza mwana wa ndani?"

"Wogula sitikumudziwa, mayi. Akaona yekha kutsogoloko."

Injini inakhaladi chete ngati mwana wokhuta. Bamboyo anagulitsa loleyo kwa munthu wogula ndi kugulitsa magalimoto akale, iye n'kugula kapikiapu konyezimira. Masiku amenewo ankaliza hutala ngakhale pamsewu popanda munthu.

Wogulitsa magalimoto uja nayenso sanali mwana. Anapita nayo tauni ina, anaipaka penti watsopano, anavundikira mipando, anabweza mita m'mbuyo, nambala n'kusintha.

Tsono bamboyu anali ndi mkamwini wofatsa, wogwira ntchito m'tauni yomweyo. Mkamwiniyo ankasirira mmene apongozi ake analerera banja ndi lole imodzi. Ntchito itatha, anatenga zonse zimene anamupatsa potsanzikana n'kukagula lole, osauza munthu. Mkazi wake nthawi imeneyo anali kwa makolo ake ndi khanda, choncho anaiyendetsa molunjika kwa apongozi kuti akawadabwitse onse pamodzi.

Hutala italira pageti, banja lonse linatuluka.

"Bambo, ndatsata mapazi anu! Kwerani muimve injini. Koma mulowere mbali ya dalaivala, chitseko icho chinafa."

Mawuwo anachedwa. Dzanja la bamboyo linali litanyamula kale chitseko, bondo n'kugunda, chitseko n'kutseguka. Thupi siliiwala.

Mwana wake wamkazi, amene anakulira pampando umenewo, anayang'ana chitseko, n'kuyang'ana bambo ake.

"Ababa, imeneyi si lole yathu ija?"

"Iwe, malole amtundu uwu amatero onse."

Bamboyo analowa m'nyumba. Mkazi wake anamutsatira kuchipinda.

"Kamuuzeni mwana wa eni ake asanapite nayo patali."

"Ndimuuza mawa. Lero wasangalala, musiyeni."

Sikunali kumumvera chisoni kumeneko, anali manyazi basi. Ndipo mawa lakelo mkamwini analawira ku ganyu yake yoyamba, kukanyamula tomato wa amayi ena a bizinesi. Pachitunda china, lole itadzaza, injini inalira kamodzi kokha mwamphamvu n'kuzima. Tomato anaphikika padzuwa, eni ake akumutukwana mkamwini pamsewu.

Anaikokera kugalaja ya mlamu uja, ndipo banja lonse linafika. Makaniko anamasula pansi pa injini, anatapa oyilo ndi chala, n'kumufikisa.

"Alamu, uyu si oyilo uja ndinakana ine?"

Makaniko anapukuta chala n'kupitiriza.

"Tsiku lija injiniyi ikanakonzeka. Lero yasweka mpaka thupi lake. Apa pakufunika injini ina yathunthu."

Mkamwini sanakalipe. Anangofunsa motsitsa mawu kuti, "Bambo, dzulo lija mumadziwa?" Funso limenelo linawawa kuposa mbama. Mkazi wa bamboyo ndiye anamaliza nkhani.

"Munati wogula sitikumudziwa. Ndi uyo wakhala apoyo, bambo wa mdzukulu wanu."

Kapikiapu kaja kanagulitsidwa sabata yomweyo kuti agule injini ndi kupepesa eni tomato. Bamboyo anakana kukonza injini lole ili yake, anadzagula yathunthu lole ili ya wina. Lero mkamwini amapereka moni mwaulemu ngati kale, koma akafuna malangizo a galimoto amapita kwa makaniko. Bamboyo akafuna ulendo amachita kupempha, ndipo amakhala mbali ya wokwera. Chitseko amatsegula yekha, poti amachidziwa.

Phunziro: Galimoto ikatopa, ikonzeni, kapena igulitseni mukunena matenda ake. Musadzitonthoze kuti wogula ndi mlendo, chifukwa mlendo aliyense ndi mwana wa munthu, ndipo tsiku lina adzakhala wanu. Choipa chitsata mwini, ndipo ichi chinachita kubwera chikuliza hutala. Nkhaniyi atumizireni madalaivala, amakaniko ndi onse amene akupaka penti chinthu chowola, aiwerenge asanatsegule chigubu cha oyilo.